Kuphunzira kulemba mapulogalamu ndi micro:bit: ife tinayambira m'khola la nkhuku

Msuweni wanga wa ku Leeds, mzinda wa ku England, atabwera kutchuthi anandisiyira kabokosi kakang'ono. "Kamupatseni mwana wa achemwali uja, paja mumati wamaliza mawailesi m'nyumba ndi kumasula." M'kati munali micro:bit (kakompyuta kakang'ono kophunzirira kulemba mapulogalamu), chingwe chachifupi cha USB ndi kabokosi kolowetsamo mabatire awiri a AAA. Mtsikanayo ali Sitandade 7. Ine ndimaweta nkhuku za mazira, ndipo laputopu yanga inkangodziwa ntchito imodzi, kulembapo ndalama za chakudya cha nkhuku. Palibe amene ankadziwa kuposa mnzake. Ndikulemba njira imene tinayenda, ndi maenje amene tinagweramo, kuti inu mukafika pamenepo mudumphe.

Kachipangizoko n'kakang'ono kuposa chiphaso cha unzika, masentimita 5 m'litali ndi 4 m'lifupi. Kutsogolo kuli timagetsi tofiira 25, tondandalikidwa mizere isanu ya tisanutisanu, ndipo kumanzere kuli batani A, kumanja batani B. Kumbuyo kuli batani lachitatu loyambitsiranso pulogalamu, polowetsa chingwe ndi polowetsa mabatire. M'munsi muli mkombero wagolide wokhala ndi timabowo tisanu tolembedwa 0, 1, 2, 3V ndi GND. Anakapanga ndi a BBC pamodzi ndi makampani ena, ndipo mu 2016 anagawa pafupifupi miliyoni imodzi kwaulere kwa ana a zaka 11 ndi 12 m'sukulu za ku Britain. Mu 2020 kunatuluka mtundu wachiwiri, V2, umene anawonjezerapo sipika, maikolofoni ndi chizindikiro chagolide pamwamba chomwe chimamva chala chikachikhudza. Kathu ndi ka V2. Ngati kanu ndi kakale, zambiri zimene ndifotokoze zigwirabe ntchito, kupatula za chizindikirocho ndi za sipika.

Chimene mukufunika ndi kompyuta ya mtundu uliwonse yokhala ndi polowetsa USB, ndi intaneti tsiku loyamba. Tsegulani makecode.microbit.org pa Chrome kapena Edge. Tsambali, limene anakonza ndi a Microsoft, likatseguka kamodzi limasungika mu browser, ndiye masiku ena bandulo ikatha mumatha kupitiriza. Kumanzere kwa sikirini mudzaona chithunzi cha micro:bit chimene chimachita zonse zimene kenikeni kangachite, mpaka mabatani ake amadinika ndi mbewa. Choncho ngakhale kachipangizo kenikeni kasanakupezeni, kapena ana ali asanu kachipangizo n'kamodzi, phunziro siliima.

Tsiku loyamba: dzina liyende pa timagetsi

Dinani "New Project", ipatseni dzina. Pakati pa sikirini pali mndandanda wa magulu a mabuloko, tizidutswa ta malamulo timene mumalumikiza kuti tipange pulogalamu, ndipo kumanja kuli bwalo pamene mumalumikizira mabulokowo. Pabwalopo mupeza awiri akukudikirirani kale, "on start" ndi "forever". Loyambalo limachita zimene mwaikamo kamodzi kokha, kachipangizo kakangoyaka. Lachiwirilo limabwereza zimene mwaikamo mpaka mabatire atathe.

Pitani pa gulu la Basic, kokani buloko la "show string", mulilowetse m'kamwa mwa "forever", ndipo mufufute mawu amene alimo n'kulembamo dzina lanu. Chithunzi chakumanzere chiyamba kuyendetsa zilembo pompopompo. Kenako lumikizani kachipangizo ndi chingwe. Pa kompyuta kaoneka ngati fulashi yotchedwa MICROBIT. Dinani "Download", mupeza fayilo yothera ndi .hex, ndipo muikokere mu MICROBIT muja. Kagetsi kachikasu kakumbuyo kaphethiraphethira, kakaleka dzina lanu liyamba kuyenda pa timagetsi tofiira.

Pano pali zinthu ziwiri zimene zinatidyera madzulo athunthu. Choyamba ndi chingwe. Chachifupi chija mtsikana anachiiwala kwawo, ine n'kutenga cha foni yakale. Kachipangizo kanayaka bwinobwino koma MICROBIT osaoneka pa laputopu. Ndinazimitsa laputopu, kuyatsanso, kusintha polowetsa, mpaka kuyamba kunena kuti azungu atitumizira chakufa. Vuto linali loti zingwe zina zotchipa zimangopititsa moto wotchajira basi, mulibe mawaya odutsa data. Chingwe china chitabwera, zonse zinayenda. Chachiwiri, fayilo ya .hex ikangolowa, MICROBIT imasowa kamphindi n'kubweranso, ndipo mukatsegula simuipezamo fayiloyo. Musada nkhawa, si fulashi yeniyeni. Pulogalamu yalowa kale m'kati. Ndipo mukaona dzina loti MAINTENANCE m'malo mwa MICROBIT, ndiye kuti munapanikiza batani lakumbuyo polowetsa chingwe. Zulani, mulowetsenso chala chili kutali.

Tsiku limenelo musapitirire apa. Msiyeni mwana asinthe mawu, ajambule mtima, ajambule nkhope yokwiya ndi "show leds". Wathu analemba dzina la timu yake ya netiboli n'kumazungulira nako mudzi wonse.

Pezani ntchito yeniyeni

Pa tsamba la MakeCode pali maphunziro okonzedwa kale ambirimbiri, ndipo ndi abwino. Tinachita atatu. Koma ndinaona kuti mtsikana akungotsatira zithunzi, kukoka ichi, kuika apo, zikagwira ntchito n'kuiwala. Nditamufunsa chifukwa chake buloko lina lili pamene lili, anangoti, "Ndi mmene anajambulira, malume." Ndiye ndinamupatsa vuto langa. Madzulo aliwonse potolera mazira ndimasokoneza chiwerengero, makamaka wina akandiyankhulitsa ndili pakati. Ndinati andipangire chowerengera: dzira lililonse ndidine batani, chindisungire nambala, ndipo mazira akakwana 30 chidziwe kuti thireyi yadzaza.

Inu sankhani yanu: zigoli za mpira, ndowa za madzi zothirira dimba, matumba a chimanga potsitsa pangolo. Chofunika n'choti mwiniwake wa vutolo akhale pomwepo, woti akhoza kudandaula chikalakwitsa.

Lamulo limodzi tinadziikira, ndipo ndi limene linatiphunzitsa kwambiri. Tisanayese pulogalamu, aliyense anene kaye chimene akuganiza kuti chichitika. Zikachitika zina, tisakhudze buloko lililonse mpaka titapeza chifukwa.

Chibekete chokhala ndi dzina

Kuti kachipangizo kakumbukire nambala, pamafunika chimene amachitcha variable. Ine ndinamuuza mtsikana kuti ndi chibekete cholembedwa dzina kunja, m'kati muli kapepala ka nambala. Mukhoza kusuzumiramo, mukhoza kusintha kapepalako. Pitani pa gulu la Variables, dinani "Make a Variable", lembani dzina loti mazira. Dzina la Chichewa limaloledwa, kompyuta ilibe nazo ntchito, ndipo ndikukulangizani kutero chifukwa mwana amasiyanitsa msanga mawu amene wapeka yekha ndi mawu a kompyuta.

Mu "on start" ikani "set mazira to 0". Kenako pa gulu la Input kokani buloko la "on button A pressed". Ili silikhala m'kati mwa "on start" kapena "forever", limaima palokha pabwalo, ndipo limangokhala duu kudikira chala. M'kati mwake ikani "change mazira by 1", pansi pake "show number", ndipo m'kabowo ka nambala mulowetsemo kabuloko kozungulira kolembedwa mazira.

Yang'anitsitsani mabuloko awiri aja, "set" ndi "change", chifukwa amafanana mtundu ndipo ali moyandikana. Mtsikana anakoka "set mazira to 1" m'malo mwa "change", ndiye batani likadinidwa kakhumi kachipangizo kankangoonetsa 1. Ndinamusiya avutike nazo mphindi khumi. Kenako anafuula yekha, "Aaa, ndikumataya kapepala kakale n'kuikamo 1 nthawi zonse!" Kuyambira tsiku limenelo sanasokonezenso.

Titafika nako m'khola tinapeza vuto limene pa laputopu silinaoneke. Manambala a 1 mpaka 9 amakwana pa timagetsi tija, koma kuyambira 10 nambala imayenda kuchokera kumanja kupita kumanzere, ndipo imatenga nthawi. Ine dzanja langa n'lachangu. Ndikadina kasanu motsatizana, kachipangizo kankatsalira m'mbuyo, kakuonetsabe 14 ine ndili pa 18, ndipo ndinkayamba kukayika n'kudinanso. Tinachotsa "show number" pa batani A n'kuipititsa pa batani B. Pa A tinangosiya kaphokoso kakafupi kochokera pa gulu la Music, kuti khutu limve kuti dzira lalowa. Tsopano A ndi wowerengera, B ndi wofunsira.

Tsoka la kugwedeza

M'kati mwa micro:bit muli kachipangizo kena komva kugwedezeka ndi kupendekeka, ndipo pa Input pali buloko la "on shake". Ana amalikonda kwambiri. Mtsikana anaganiza zoti tikafuna kuyambiranso pa ziro tizingokagwedeza, ngati mmene umakhuthulira chibekete. Ndinavomera, zinkaoneka zanzeru. Tsiku lachitatu ndili pa mazira 60 ndi kanthu, tambala wa aneba analowa m'khola, ine n'kumuthamangitsa kachipangizo kali m'manja. Pobwerera ndinadina B. Ziro.

Sindinamukalipire, pajatu ndinavomera ndekha. Tinakhala pansi n'kufunsana kuti n'chiyani chimene munthu sangachite mwangozi. Yankho linali kudina mabatani onse awiri pamodzi. Pa buloko la "on button A pressed" pali kamuvi kosankhira A, B kapena A+B. Tinasankha A+B n'kuikamo "set mazira to 0". Buloko la kugwedeza tinalitaya.

Kuphunzitsa kachipangizo kuganiza

Tsopano nkhani ya thireyi. Pangani chibekete chachiwiri, mathireyi, nacho chiyambire pa 0 mu "on start". Pa gulu la Logic tengani buloko la "if … then", ndi kabuloko kofananitsira zinthu ziwiri kokhala ndi chizindikiro cha = pakati. Kumanzere ikani mazira, kumanja lembani 30. M'kati mwa "if" ikani "change mathireyi by 1" ndi "set mazira to 0".

Funso ndi loti buloko lonseli likhale pati. Mtsikana analiika mu "on start", poganiza kuti ndi lamulo loti kachipangizo kalidziwe kuyambira pachiyambi, ngati malamulo a sukulu amene amawerengedwa tsiku lotsegulira. Maganizo abwino, koma kompyuta siyenda choncho. Imafunsa funsolo pa nthawi imene yafika pa bulokolo, ikapeza yankho n'kupitirira osatembenukanso. Kachipangizo kakangoyaka mazira ali 0, yankho ndi ayi, nkhani yathera pomwepo. Funsolo liyenera kufunsidwa nthawi iliyonse dzira likawonjezeka, choncho malo ake ndi mu batani A, pansi pa "change mazira by 1". Pa batani B tinaika "show number" awiri, mathireyi kenako mazira, ndi kamzere pakati kuti zisasakanikirane.

Zinayenda sabata yathunthu. Kenako ulesi wanga unabweretsa phunziro lina, limene ine ndimaliona kuti ndi lalikulu pa onse. Nthawi zambiri ndimatola mazira asanu pakamodzi, ndiye ndinapempha kuti kukhudza chizindikiro chagolide chija kuziwonjezera 5. Anatenga "on logo pressed", anaikamo "change mazira by 5", anakoperanso "if" uja n'kumuika pansi pake. Madzulo ake kachipangizo kanandiuza kuti ndili ndi mathireyi 0 ndi mazira 73.

Tinatenga pepala ndi pensulo. Ndinati tiyerekeze kuti ife ndife micro:bit, tilembe nambala ya m'chibekete pa kudina kulikonse. 26, 27, 28, kenako chala pa chizindikiro: 33. Kodi 33 ndi wofanana ndi 30? Ayi. 34? Ayi. Tinadumpha 30 osamuponda, ndipo kachipangizo kanapitiriza kumudikira mpaka kalekale. Chizindikiro cha = tinachisintha kukhala ≥, kutanthauza kuti 30 kapena kuposerapo. Ine ndinati tamaliza. Mtsikana anayang'ana pepala lija nati, "Malume, nanga atatu otsalawo?" Ankanena zoona. Mazira akafika 33 ife n'kubweza pa 0, atatu asowa. M'malo mwa "set mazira to 0" tinaika "change mazira by -30". Thireyi imodzi yachoka, atatu atsala m'chibekete.

Njira ya pepala ndi pensuloyi muigwiritse ntchito nthawi iliyonse mwasowa pogwira. Imachedwetsa, koma sinatigwiritsepo fuwa la moto.

Popeza "if" yemweyo anali m'malo awiri, kukonza kulikonse tinkakonza kawiri, ndipo kamodzi tinaiwala kwina. Apa m'pamene function imalowera, ndiko kuti mabuloko osonkhanitsidwa pansi pa dzina limodzi, oti muziwaitana paliponse mwawafuna. Pansi pa Advanced pali gulu la Functions. Pangani imodzi, ife tinaitcha onaniThireyi, samutsirani "if" uja m'menemo, ndipo pa batani A ndi pa chizindikiro mungoika buloko loiitana. Mukafuna kusintha, mwachitsanzo mwayamba kugulitsa mazira m'mapaketi a 12, mumasintha pamalo amodzi.

Za moto ndi kasamalidwe

Pulogalamu imakhala m'kachipangizo ngakhale mutazula mabatire mwezi wathunthu. Manambala a m'zibekete ndiye ayi. Moto ukangoduka, kapena mukadina batani lakumbuyo, "on start" imayambiranso ndipo zonse zimabwerera pa 0. Ine ndinaphunzira izi waya wa mabatire utakoka pa msomali wa chitseko. Chiwerengero cha tsiku chizilembedwa m'kope musanachite china chilichonse. V2 ili ndi njira yosungira manambala kuti asafufutike, yotchedwa data logger, koma imeneyo ndi ya mtsogolo mukazolowera.

Mabatire awiri a AAA amapereka mavoti 3, ndipo ndi amene kachipangizoka kamafuna polowetsa mabatire paja. Musayese kulumikizapo batire ya njinga yamoto kapena ya sola. Power bank imagwira ntchito kudzera pa USB, koma ena amazima okha patapita kanthawi chifukwa micro:bit imakoka moto wochepa kwambiri moti amaganiza kuti palibe chimene chalumikizidwa. Pa V2 mukapanikiza batani lakumbuyo kwa masekondi angapo kamazima osazula waya. Kagwireni m'mbali ndi manja ouma, ndipo musalole chitsulo chilichonse, kaya ndi kiyi kaya sipuni, chikhudze 3V ndi GND nthawi imodzi. Kathu kamagona m'chibekete cha majarini chifukwa fumbi la m'khola silikhululuka.

Fayilo ya .hex iliyonse muzisunga mu foda yakeyake. MakeCode imasunga ntchito zanu mu browser, ndipo wina akabwera n'kuyeretsa browser, zonse zapita. Koma fayilo ya .hex yochokera ku MakeCode mukaikokera pa tsambalo imatsegukanso ndi mabuloko ake onse. Amene alibe laputopu akhoza kugwiritsa ntchito foni, pali app ya micro:bit yotumiza pulogalamu pa Bluetooth. Tinayesa, zinatheka, koma kulumikizitsa foni ndi kachipangizo kumafuna kuleza mtima, ndipo mabuloko pa sikirini ya foni amapanikizana.

Kuchoka pa mabuloko kupita pa zolemba

Pamwamba pa MakeCode pali posinthira kuti muone mabuloko anu atalembedwa mu JavaScript kapena Python, ziyankhulo zolembera mapulogalamu. Dinani msanga, ngakhale sabata yoyamba, mwana aone kuti mabuloko aja ndi mawu enieni a pulogalamu ovekedwa mitundu. Akafuna kulemba yekha ndi zala, pali tsamba lina, python.microbit.org, logwiritsa ntchito MicroPython, mtundu wa Python wopangidwira tizipangizo ting'onoting'ono ngati aka. Chowerengera chathu chosavuta chimaoneka chonchi:

from microbit import *
mazira = 0
while True:
    if button_a.was_pressed():
        mazira += 1
    if button_b.was_pressed():
        display.scroll(mazira)

Mipata ya kumayambiriro kwa mizereyo si yokongoletsa. Ndi imene imauza Python kuti mzere uti uli m'kati mwa uti, monga mmene buloko limalowera m'kamwa mwa linzake. Mukaphonya mpata, kapena kuiwala timadontho tiwiri ta kumapeto kwa "if", timagetsi tiyendetsa uthenga wa cholakwika wotchula nambala ya mzere. Werengani nambalayo, n'kupita pa mzerewo kapena wapamwamba pake.

Pali msampha umodzi pano woti muukonzekere. Python ya micro:bit ili ndi was_pressed ndi is_pressed. Yoyamba imafunsa ngati batani linadinidwa chifunsireni komaliza, ndipo imayankha inde kamodzi. Yachiwiri imafunsa ngati chala chili pa batani panopa. Mtsikana analemba yachiwiriyo, nadina kamodzi, nafunsa B, n'kupeza mazira mahandiredi angapo. Chala cha munthu chimakhala pa batani kanthawi kochepa kwa ife, koma "while True" imakhala itazungulira kambirimbiri m'kanthawi komweko, ndipo ulendo uliwonse imapeza chala chikadalipo n'kuwonjezera dzira. Anaseka mpaka misozi, nati nkhuku za malume zalemera lero. Ine ndinamuuza ayesenso dala, apanikize kwa sekondi yathunthu, kuti aone ndi maso liwiro la kachipangizo kamene amakanyoza kuti n'kachidole.

Timabowo ta m'munsi tija tinatiyesa kamodzi. Ndi mawaya awiri okhala ndi zopanira, wina pa 0 wina pa GND, ndi tizidutswa tiwiri ta pepala lonyezimira la m'paketi ya tiyi tomata pa katoni yopinda, mumapanga batani lanulanu, ndipo buloko la "on pin P0 pressed" limalimva. Mtsikana akufuna kuliika pansi kuti ndizidina ndi phazi manja ali ndi mazira. Katoni yoyamba inanyowa ndi madzi a nkhuku tsiku lomwelo, ndiye akufunafuna kathabwa.

Chimene chamugwira mtima tsopano ndi gulu la Radio. Ma micro:bit awiri akapatsidwa nambala yofanana yolumikizirana, iliyonse kuyambira 0 mpaka 255, amatumizirana manambala popanda waya kapena intaneti. Akuti kena kazikhala m'nyumba, kuti agogo ake aziona chiwerengero ine ndikadali m'khola. Pulogalamu analemba kale ndipo pa chithunzi cha pa laputopu ikuyenda, chifukwa MakeCode imatulutsa micro:bit yachiwiri ikaona mabuloko a Radio. Uthenga wopempha kachiwiri anatumiza yekha ku Leeds pa foni yanga, ine osadziwa, ndipo yankho linabwera loti tidikire Disembala.